Imelo imodzi, masiku angapo: tsiku limene mumaona pa sikirini limachokera kuti?

Mkangano woti imelo inatumizidwa liti ndi wofala m'maofesi a mu Mzuzu muno. Mnyamata wa ku Chibavi akulumbira kuti kalata yofunsira ntchito anaitumiza Lachisanu usiku, nthawi yolandirira makalata isanathe, pamene olandirawo akuloza pa sikirini kuti taonani nokha, palembedwa Loweruka. Mayi wosunga ndalama pa bungwe lina akufunafuna invoisi ya mu 2019, koma chisamutsireni maimelo a pa ofesi kupita ku seva yatsopano (kompyuta yosunga ndi kutumiza maimelo), onse akuonetsa tsiku limodzi, tsiku losamutsalo. Winanso watsika mpaka pansi penipeni pa bokosi lake n'kupezako uthenga wa pa 1 Januwale 1970, nthawi ya 2 koloko usiku, chaka chimene imelo yochoka pa kompyuta ina kupita pa ina inali isanayambe n'komwe.

Pa anthu onsewa, mwina palibe amene akunama. Imelo imanyamula masiku angapo, olembedwa ndi makina osiyanasiyana, makina aliwonse poyang'ana wotchi yakeyake. Amene munagwirako ntchito nthawi ya makalata a papositi mukukumbukira kuti kalata imodzi inkakhala ndi tsiku limene mwini wake analemba pamwamba, chidindo cha ku positi ofesi pa envulopu, ndiponso chidindo cha kalaliki amene waitsegula pa ofesi. Imelo nayo ndi chimodzimodzi, kungoti pulogalamu yanu imakuonetsani tsiku limodzi lokha, ndipo sikuuzani kuti yasankha liti.

Tsiku la wolemba

Imelo iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Pali uthenga umene timawerenga, ndipo pamwamba pake pali mizere imene pulogalamu imabisa, yomwe anthu a makompyuta amaitcha header, kapena kuti mizere ya kumutu. Mu Gmail ya pa kompyuta, mukatsegula imelo n'kudina timadontho titatu ta kumanja, mupeza mawu akuti Show original. Mu Thunderbird mumadina Ctrl ndi U. Mu Outlook mumatsegula imeloyo payokha, n'kupita pa File kenako Properties. Pakati pa mizere yambirimbiriyo pali umodzi wooneka motere:

Date: Fri, 30 Jun 2023 23:40:12 +0200

Kalembedwe kameneka kali ndi malamulo ake. Kanakhazikika m'chikalata chotchedwa RFC 822 chimene David Crocker anakonza mu 1982, chinalembedwanso mu 2001 ngati RFC 2822, kenako mu 2008 ngati RFC 5322. Tsiku la pa sabata ndi mwezi zimalembedwa m'zilembo zitatu za Chingerezi, kaya uthenga wanuwo uli m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiswahili. Nthawi imawerengedwa pa maola 24. Ndipo pa mizere yonse ya kumutu, malamulowa amakakamiza iwiri yokha: wa Date ndi wa From. Imelo yopanda mutu wa nkhani ndi yovomerezeka, koma yopanda tsiku ndi yolakwika.

Pamene pagona nkhani ndi pa manambala a kumapeto kwa mzere wa Date uja, +0200. Akunena kuti wotchi ya wolembayo yatsogola ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi yoyendera dziko lonse ya UTC, imene ambiri timaidziwa kuti GMT. Malawi ali pa +0200 chaka chonse, chifukwa ife sitisuntha mawotchi monga amachitira ku Ulaya ndi ku America. Pulogalamu ikawerenga mzerewu imachotsa maola awiriwo n'kupeza 21:40:12 ya UTC. Mapulogalamu ambiri amasintha nthawiyo kukhala nambala imodzi yaitali, ya masekondi amene adutsa kuchokera pakati pa usiku polowa pa 1 Januwale 1970. Pa imelo yathuyi nambalayo ndi 1688161212. Nambala imeneyi ndi imene imagwiritsidwa ntchito poika maimelo mu ndondomeko, ndipo pofuna kukuonetsani, pulogalamu imaitembenuzira ku nthawi ya chipangizo chimene mwagwiracho.

Choncho imelo yomweyi, m'bale wanu wa ku Johannesburg aiona 23:40 ngati inu. Wa ku London aiona 22:40, popeza kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala iwo amatsalira ndi ola limodzi lokha, pamene miyezi inayo amatsalira ndi awiri. Koma wamalonda wa mu msika wa Taifa akatumiza imeloyi kwa womugulira katundu ku Dar es Salaam, uko iwoneka 00:40, Loweruka pa 1 Julayi. Tsiku lasintha, mwezi wasintha, koma imelo ndi yomweyo ndipo wotchi ya aliyense ili bwinobwino.

Pali mfundo ina imene anthu ambiri saidziwa. Malinga ndi RFC 5322, mzere wa Date umanena nthawi imene wolemba anamaliza uthenga n'kuulola kuti upite, osati nthawi imene unanyamukadi. Chikalatacho chimapereka chitsanzo cha munthu amene walemba imelo pa kompyuta yosalumikizidwa ku netiweki. Mnyamata wa ku Chibavi uja atha kukhala kuti anadina Send nthawi ya 23:40, bandulo n'kuthera pomwepo kapena magetsi n'kuthima, imelo n'kugona mu Outbox mpaka m'mawa mwake atagula bandulo ina. Iye akuona Lachisanu mu foda yake ya Sent, ndipo olandira akuona Loweruka mu Inbox. Onse akuwerenga zoona, koma za mizere yosiyana.

Nanga wotchiyo ndi ya ndani? Mukamalemba pa Gmail kapena Yahoo mu browser, tsikulo limaikidwa ndi maseva a kampaniyo, amene mawotchi awo amakonzedwa pafupipafupi. Koma pulogalamu yoikidwa pa kompyuta, monga Thunderbird, imangotenga nthawi ya kompyutayo mmene ilili. Apa m'pamene malaputopu athu a kaunjika amatigwetsera m'mavuto. Ambiri amabwera atatcheredwa ku nthawi ya dziko limene achokera. Mwini wake watsopano akaona kuti wotchi ikunama amangosintha maola ndi dzanja kuti igwirizane ndi ya pa foni, osakhudza pamene pamasankhidwa dera la nthawi. Pa sikirini zonse zikuoneka bwino, koma m'kati laputopuyo ikudziwabe kuti ili ku London. Imelo ya 23:40 ija ilembedwa kuti 23:40 +0100, ndipo wolandira wa ku Katoto aiona 00:40 ya tsiku lotsatira. Ngati laputopuyo inatcheredwa ku nthawi ya ku California, mu Juni ilemba -0700, ndipo imeloyo iwoneka ngati inalembedwa 08:40 m'mawa wa Loweruka, maola 9 patsogolo. Imelo yotere imaoneka kuti yafika isanalembedwe. Mankhwala ake ndi osavuta: mu Windows sankhani dera la Harare, Pretoria, ndipo pa Linux kapena pa mafoni ambiri sankhani Blantyre, kenako lolani kuti chipangizocho chizitenga nthawi pa intaneti.

Makompyuta a pa tebulo akalekale ali ndi vuto lawonso. M'kati mwake muli kabatire kakang'ono kozungulira, kawirikawiri ka mtundu wa CR2032, kamene kamayendetsa wotchi magetsi akathima. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ili m'chaka chakale, ndipo imelo yoyamba ya tsiku limenelo imapita ndi chaka chimenecho. Makina ofotokopera amene amatumiza masikani pa imelo ndiye akatswiri pa zimenezi, chifukwa m'maofesi ambiri palibe amene anawatcherapo wotchi chiwagulireni.

Zidindo za m'njira

Seva iliyonse imene imelo yadutsapo imawonjezera mzere wake, woyamba ndi mawu akuti Received, pamwamba pa mizere ina yonse. Mzerewo umanena kuti yailandira kuchokera kwa ndani, ndipo kumapeto kwake kuli tsiku ndi nthawi. Popeza aliyense amalemba pamwamba pa mnzake, ulendo wa imelo umawerengedwa kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Wa pansi kwambiri ndi wa seva yoyamba, wa pamwamba ndi wa seva ya wolandira.

Musadabwe mukaona nthawi zikudumphadumpha. Maseva a Google amalemba nthawi ya ku California, choncho imelo yathu ija ikanyamuka nthawi yomweyo mungapeze mzere wonena 14:40 -0700 pamwamba pa wonena 21:40 +0000. Ndi mphindi imodzimodziyo. Musanayerekeze mizere iwiri, yambani mwaitembenuzira yonse ku UTC, apo ayi mutu uima pachabe.

Mizere imeneyi ndi imenenso imaulula pamene imelo inachedwera. Seva ya wolandira ikakhala kuti yazima, seva yotumiza sitaya imeloyo. Imaisunga n'kumayesanso, ndipo malamulo a mu RFC 5321 amalangiza kuti isagonje pasanathe masiku 4 kapena 5. Maseva ena amachita kukana dala imelo yochokera kwa mlendo ulendo woyamba, kuti aone ngati ayesenso, popeza makina otumiza maimelo achinyengo nthawi zambiri sabwereza. Mwa kuona kwanga, pa mkangano uliwonse wa nthawi, mzere wodalirika ndi umene walembedwa ndi seva ya wolandira, wotsatira ndi wa seva yoyamba ya kampani yodziwika imene wotumiza amagwiritsa ntchito. Mzere wa Date, ndiponso mizere ya Received ya pansi kwambiri, munthu wodziwa bwino angathe kuilemba mmene akufunira.

Imelo ikalowa mosungiramo

Mpaka apa tanena za masiku amene ali m'kati mwa imelo yeniyeniyo. Koma pali tsiku linanso limene limakhala kunja kwake, losungidwa ndi bokosi limene imeloyo yaikidwamo. Limeneli ndi losalimba, ndipo ndi limene limasokonekera anthu akamasamutsa kapena kukopera maimelo akale.

Njira yakale kwambiri yosungira maimelo imatchedwa mbox, ndipo inayambira pa makompyuta a Unix m'zaka za m'ma 1970. Maimelo onse a mu foda imodzi amaikidwa m'fayilo imodzi yaitali, ina kutsatira inzake. Thunderbird imasunga chomwechi, ndipo mukapempha maimelo anu onse kwa Google kudzera pa Takeout, amabwera mu mbox. Pofuna kudziwa pamene imelo ina yathera ndi pamene ina yayambira, pamakhala mzere wolekanitsa woyamba ndi mawu akuti From otsatiridwa ndi mpata, wopanda timadontho tiwiri. Wa mu Thunderbird umaoneka chonchi:

From - Sat Jul 01 07:06:02 2023

Taonani kusiyana kwake ndi mzere wa Date uja. Mwezi wabwera tsiku lisanatchulidwe, chaka chapita kumapeto, ndipo palibe chilichonse chonena dera la nthawi. Kodi 07:06 imeneyi ndi ya ku Mzuzu kapena ya UTC? Chikalata cha RFC 4155 cha mu 2005 chimati izikhala ya UTC, koma chinabwera mbox itagwira kale ntchito zaka zoposa 20, ndipo mapulogalamu ambiri ankangolemba nthawi ya kompyuta imene alipo. Pulogalamu yowerenga fayiloyo imangolota, ndipo ikalota molakwika, kwa ife a ku Malawi maimelo onse amasuntha ndi maola awiri. Amene anafika pafupi ndi pakati pa usiku amagwera m'tsiku lina. Kuwonjezera apo, nthawi ya pa mzerewu kawirikawiri imakhala ya pamene imelo inalembedwa m'fayiloyo. Ngati fayiloyo inapangidwa dzulo posamutsa maimelo, mizere yonse yolekanitsa ikhoza kunena dzulo.

Mbox ili ndi msampha winanso. Bwanji ngati m'kati mwa uthenga muli ndime yoyamba ndi mawu omwewo a From? Amene mumalemba makalata a ku ofesi m'Chingerezi mukudziwa mmene timakondera kuyamba ndime ndi "From the foregoing". Pulogalamu yosamala imaika chizindikiro cha > patsogolo pa mzere wotere posunga, n'chifukwa chake nthawi zina mumaona >From pakati pa uthenga wakale. Koma mapulogalamu sanagwirizane njira imodzi yochitira zimenezi, moti pali mitundu ingapo ya mbox, monga mboxo ndi mboxrd, ndipo fayiloyo sinena kuti ndi ya mtundu uti. Chizindikirocho chikasowa, pulogalamu yosasamala imadula imelo pakati n'kuyesa theka lachiwirilo ngati imelo yatsopano. Thekalo lilibe wotumiza, lilibe mutu, lilibe tsiku.

Njira ina ndi Maildir, imene Daniel Bernstein anakonzera pulogalamu yake ya qmail m'zaka za m'ma 1990. Apa imelo iliyonse ili ndi fayilo yakeyake, ndipo dzina la fayiloyo limayamba ndi nambala ya masekondi ija. Vuto la kudula maimelo pakati linathera pomwepo. Koma maseva monga Dovecot amatenga tsiku lofikira imelo kuchokera pa nthawi imene kompyuta imasunga yonena kuti fayiloyo inasinthidwa liti komaliza. Munthu wa za makompyuta akakopera mafoda kupita pa seva yatsopano ndi lamulo lokopera la cp lopanda -p, zilembo zouza kompyuta kuti isunge nthawi zakale, fayilo iliyonse imalandira nthawi ya tsiku lokoperalo. Akagwiritsa ntchito rsync -a, nthawi zakale zimasamuka limodzi ndi mafayilo. Kusiyana kwa zilembo ziwiri zokha kungathe kuphwanya ndondomeko ya maimelo a zaka 10.

Ambiri masiku ano timawerenga maimelo kudzera mu IMAP, njira imene Mark Crispin anayambitsa mu 1986, yomwe imasiya maimelo pa seva kuti foni ndi kompyuta zizionera pamodzi. Pa IMAP imelo iliyonse ili ndi tsiku lotchedwa INTERNALDATE, limene seva imasunga padera. Pulogalamu ikamakweza imelo yakale pa seva, ili ndi mwayi wouza sevayo tsiku loyenera. Ikapanda kunena, seva imaika nthawi ya pomwepo. Izi n'zimene zinachitikira mayi wa invoisi uja: wina anakoka maimelo a zaka zambiri n'kuwaponya mu akaunti yatsopano ndi pulogalamu imene sitchula tsiku. Zida zopangidwira ntchito yosamutsa, monga imapsync, zimanyamula tsikuli.

IMAP imasiyanitsanso masiku awiriwa pofufuza. Lamulo la SINCE limayang'ana tsiku la seva, pamene la SENTSINCE limayang'ana mzere wa Date, ndipo onse awiri amangoona tsiku lokha, osalabadira maola kapena dera la nthawi. N'chifukwa chake mukafufuza maimelo a pa 30 Juni mutha kusowa imelo imene pa sikirini yanu ikuoneka kuti ndi ya pa 30 Juni.

Outlook ili ndi njira yakeyake. Imasunga maimelo m'mafayilo a PST, mmene nthawi yotumizira ndi nthawi yolandirira zili m'malo awiri osiyana, ndipo imayamba kuwerenga nthawi pa 1 Januwale 1601 m'malo mwa 1970. Pamene palibe tsiku, Outlook imaika 1 Januwale 4501 m'kati n'kukuonetsani mawu akuti None. Maimelo amene anthu a ofesi imodzi anatumizirana pa maseva akale a Exchange a Microsoft, ndiponso a mu foda ya Sent, nthawi zambiri sakhala ndi mizere ya Received. Chida chosinthira PST kupita ku mbox chimayenera kupanga mizere ya kumutu kuchokera pa zimene chapeza, ndipo zida zina zimachita bwino kuposa zinzake.

Ndiye pulogalamu iliyonse imasankha. Thunderbird, mukapanda kuisintha, imaonetsa mzere wa Date, ngakhale mungathe kuwonjezera danga la Received. Outlook imaonetsa nthawi yofikira mu Inbox ndi nthawi yotumizira mu Sent. Gmail imayendera nthawi imene maseva ake analandira imeloyo. Anthu awiri okhala moyandikana mu ofesi imodzi ku Luwinga, owerenga akaunti imodzi, wina pa Thunderbird wina pa Outlook, angathe kuona maimelo omwewo ali mu ndondomeko zosiyana. Ine ndimakondera kuonetsa madanga onse awiri pa bokosi la maimelo akale, chifukwa pamene masiku awiriwo atalikirana kwambiri ndi pomwe pali choti mufufuze.

Tsiku likalembedwa mokhota

Malamulo alipo, koma si makina onse amawatsata. Pa intaneti panazika mfundo imene Jon Postel analemba cha m'ma 1980, yoti pulogalamu izisamala pa zimene ikutumiza koma izilolera pa zimene ikulandira. Mfundoyi inathandiza kuti imelo ifalikire, koma zotsatira zake n'zakuti pulogalamu iliyonse ili ndi njira yakeyake yomasulira tsiku lolembedwa molakwika.

Tiyambe ndi chaka. RFC 822 inkalola manambala awiri okha, monga 97. Mu 1989 chikalata cha RFC 1123 chinalangiza kuti azikhala anayi, koma maimelo akale anatsala mmene analili. Lamulo la masiku ano likuti chaka cholembedwa kuyambira 00 mpaka 49 chiwonjezeredwe 2000, ndipo kuyambira 50 mpaka 99 chiwonjezeredwe 1900. Likutinso chaka cha manambala atatu chiwonjezeredwe 1900. Lamulo lomalizali likuoneka lachilendo, koma lili ndi mbiri yake: mapulogalamu ambiri ankasunga chaka atachotserako 1900, moti pofika Januwale 2000 ena anayamba kutumiza maimelo a chaka cha 100.

Dera la nthawi ndiye limavuta koposa. Kale ankaloleza kulemba zilembo m'malo mwa manambala, koma zilembo zovomerezeka zinali UT, GMT ndi za madera a ku America monga EST ndi PST. Panalinso zilembo za asilikali, chimodzi pa dera lililonse, koma RFC 822 inazilemba mozondoka, za kum'mawa n'kukhala za kumadzulo, moti malamulo atsopano amangoti musazikhulupirire. Nthawi yathu ya CAT mulibemo m'ndandandawo. Makina akalemba 23:40 CAT, malamulo amati pulogalamu imene sikudziwa tanthauzo la zilembozo iziyese -0000, kutanthauza kuti dera silikudziwika ndipo nthawiyo itengedwe ngati UTC. Imeloyo iwoneka 01:40 ya tsiku lotsatira. Choseketsa n'chakuti m'ndandanda wa mapulogalamu ena akale, CAT ankaimira dera la pakati pa Alaska, lotsalira ndi maola 10 pa GMT. Pulogalamu yotere imasuntha imelo ya ku Mzuzu ndi maola 12 athunthu, usiku n'kusanduka usana.

Nanga tsiku likasowa, kapena likakanika kuwerengeka? Malamulo a IMAP okhudza kusanja maimelo, a mu RFC 5256, amati pamenepo seva igwiritse ntchito INTERNALDATE. Mapulogalamu ena amayang'ana mzere wa Received kapena mzere wolekanitsa wa mbox. Ena amangoika ziro. Ziro pa kawerengedwe ka masekondi aja ndi pakati pa usiku polowa pa 1 Januwale 1970 ku UTC, imene kuno ndi 2 koloko usiku. Ku America imelo yomweyo imaoneka ya pa 31 Disembala 1969. Mukapeza tsiku limeneli, dziwani kuti pulogalamu yalephera kupeza tsiku, ndipo mwina chimene mwapezacho ndi theka la imelo yodulidwa ija.

Kumapeto kwina kuli chaka cha 2038. Mapulogalamu akale amasunga masekondiwo m'malo okwana nambala 2,147,483,647 basi, ndipo nambalayi idzakwana pa 19 Januwale 2038, nthawi ya 03:14:07 ya UTC. Sekondi imodzi ikadzapitirira, pulogalamu yosakonzedwa idzabwerera ku Disembala 1901. Otumiza maimelo achinyengo akhala akulemba masiku a m'tsogolo ngati amenewa pa mzere wa Date kuti uthenga wawo uzikhala pamwamba pa bokosi lanu mpaka kalekale, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene mapulogalamu ambiri amakondera kusanja maimelo potsata nthawi yofikira.

Ngakhale zonse zitawerengedwa bwino, kaonetsedwe kake kangakusocheretseni. Ife timayamba ndi tsiku kenako mwezi, a ku America amayamba ndi mwezi. Laputopu yotcheredwa Chingerezi cha ku America ikaonetsa 03/04/2023 ikunena pa 4 Malichi, pamene inu muwerenga pa 3 Epulo. Masiku opitirira 12 amadziulula okha, koma masiku 12 oyamba a mwezi uliwonse amabisala. Ndipo kamzere kamene kamabwera mukamayankha imelo, konena kuti pa tsiku lakuti nthawi yakuti uje analemba kuti, ndi mawu wamba a m'kati mwa uthenga. Kamalembedwa mu nthawi ya woyankhayo, nthawi zambiri popanda kutchula dera, ndipo aliyense angathe kukasintha ndi kiyibodi. Mukamawerenga makambirano aatali a anthu a ku Mzuzu, London ndi Dar es Salaam potsata timizere timeneti, mupeza yankho likubwera funso lisanafunsidwe.

Pa nkhani yofuna umboni, chithunzi cha sikirini kapena imelo yosindikizidwa pa pepala n'zosakwanira, chifukwa zimangoonetsa tsiku limodzi limene pulogalamu inasankha, lotembenuzidwa kale. Kutumizira wina ndi Forward nakonso kumataya mizere ya kumutu. Chofunika ndi kusunga imelo yathunthu ngati fayilo ya .eml, imene Gmail imapereka pa tsamba la Show original lija. M'menemo kawirikawiri mumapezekanso siginecha ya DKIM, imene seva yotumiza imaika potsimikizira kuti mizere ina, kuphatikizapo wa Date nthawi zambiri, sinasinthidwe m'njira. Siginechayi simanena kuti wotchi ya wolemba inali yolondola, imangotsimikiza kuti tsikulo linali lomwelo pamene imelo imachoka pa seva. Ndipo makampani amasintha makiyi awo otsimikizira pakapita nthawi, choncho siginecha ya imelo yakale ingathe kukanika kutsimikizika ngakhale palibe anaigwira.

Amene mukukonzekera kusamutsa maimelo a pa ofesi, yambani ndi foda imodzi yaing'ono, muitsegule pa Outlook, pa Thunderbird ndi pa foni, muone ngati masiku akale aonekera ponseponse, ndipo seva yakale musaifafanize msanga. Ngati zinasokonekera kale, maimelowo sanawonongeke. Chimene chinatayika ndi tsiku la kunja lija, pamene mizere ya Date ndi Received ikadali m'kati mwa imelo iliyonse mmene inalili. Munthu wodziwa angathe kuwakwezanso pa seva, n'kuuza sevayo kuti tsiku lofikira litengedwe pa mzere wa Received umene seva yakale inalemba. A mu foda ya Sent, amene alibe mzere wotero, amapatsidwa tsiku la pa mzere wa Date.